Kukonza Magiya a Njinga Yampikisano

Njinga zakapalasa zilipo zamitundumitundu. Zina ndi zolimba ndi zolemera, zonyamulira matumba a chimanga, nkhuni kapena anthu. Zina zili ndi matayala onenepa, oyendera m'njira zamiyala. Koma ulipo mtundu wina wa njinga umene udapangidwira liwiro pa msewu wa tara. Njinga yotere imakhala yopepuka, matayala ake ndi owonda, ndipo mahandulo ake ndi opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa yamphongo. Anthu ambiri amaitcha njinga yampikisano.

Njinga yampikisano imakhala ndi magiya ambiri. Magiyawa amathandiza wopalasa kukwera chitunda mosatopa msanga, ndiponso kuthamanga akafika pachidikha. Magiya akakhala bwino, njinga imayenda mwakachetechete. Koma akasokonezeka, njinga imalira njira yonse, tcheni chimadumphadumpha, ndipo nthawi zina ngozi imachitika. Nayi nkhani ya mnyamata wina amene adaphunzira zimenezi.

Phuma la mnyamata

Pa boma la Dedza padali mmisiri wina wokonza njinga. Iye ankagwira ntchito yake patsinde pa mtengo wa mkuyu, pafupi ndi msika. Mmisiriyu adali ndi mphwake, mwana wa mlongo wake, amene ankaphunzira Sitandade 5. Loweruka lililonse mnyamatayo ankapita kukathandiza atsibweni ake kupopa matayala, kumata machubu ndi kutsuka matcheni. Adali mwana wanzeru ndi wakhama, koma adali ndi vuto limodzi: adali waphuma.

Loweruka lina m'mawa kudafika aphunzitsi ena akukankha njinga yampikisano.

"Mwadzuka bwanji, amisiri?" adalonjera aphunzitsiwo.

"Ndadzuka bwino, kaya inu, aphunzitsi?"

"Ine ndili bwino, koma njinga yangayi ndiyo yadwala. Waya wa magiya uja mudandiikira sabata ziwiri zapitazo ankagwira bwino poyamba. Tsopano tcheni chikungolira, ndipo ndikasintha giya chikumachedwa kukwera. Mawa m'mamawa ndikutsikira ku Golomoti kukazonda amayi amene sakupeza bwino. Pobwerera ndidzakwera mapiri onse aja, tsono ndikufuna kuti magiya onse azigwira."

"Musade nkhawa. Mubwere masana ano, muipeza yachira," adayankha mmisiri uja.

Aphunzitsi atachoka, mmisiriyo adamanga chingwe ku chishalo cha njinga ndi kuipachika pa nthambi ya mkuyu, kuti gudumu lakumbuyo lisagunde pansi. Adazunguza mapedulo ndi dzanja, ndipo tcheni chidamveka kuti tche-tche-tche. Kenaka adayang'ana m'botolo lake napeza kuti oyilo watha.

"Mphwanga, ndikupita ku sitolo kukagula oyilo. Iwe upukute tcheni ndi nsanza, koma usakhudze china chilichonse," adatero.

Mnyamatayo adapukuta tcheni mpaka chidayera. Atatha, maso ake adagwera pa timasikuluwu titatu timene tidali kumbuyo kwa njinga, pafupi ndi gudumu. Mumtima mwake adati: "Phokosoli likuchokera pomwepa. Ndikakonza ndekha, atsibweni andiyamikira." Adatenga sikuludiraiva namanga kasikuluwu kamene kadali ndi chilembo L. Phokoso silidathe. Adakamasula kamodzi, kawiri, katatu, mpaka adaleka kuwerenga. Phokoso lidali pomwepo. Tsopano adafuna kubwezera kasikuluwuko pamene kadali, koma sadathe kukumbukira. Mtima wake udayamba kugunda kwambiri.

Atsibweni ake atabwera, mnyamatayo adayamba wakhala chete. Koma atakumbukira za aphunzitsi ndi ulendo wawo wa m'mapiri, adalimba mtima.

"Atsibweni, ndalakwa. Ndamasula kasikuluwu aka, ndipo sindikudziwa pamene kadali."

Mmisiriyo sadakalipe. Adangoti: "Ima apa, uone." Adazunguza mapedulo pang'onopang'ono, nakankha ndi chala chachikulu chipangizo chosinthira magiya kulowetsa cha ku gudumu. Tcheni chidakwera mpaka pa giya yomaliza, chidapitirira, ndi kugwera pakati pa giyayo ndi masipoko. Gudumu lidaima nji!

"Waona? Pano ndazunguza ndi dzanja lokha. Tangoganiza aphunzitsi ali pa chitunda, akuponda ndi mphamvu zawo zonse. Tcheni chikadadula masipoko, chitsulo ichi chikadakodwa m'gudumu, ndipo iwo akadagwa pakati pa msewu pamene pamadutsa magalimoto. Wachita bwino kuulula. Ukadabisa, ndikadakonza phokoso lokha, ngozi n'kutsala m'njingamu. Tsono khala pansi ndikuphunzitse, pakuti safunsa adadya phula."

Mmene magiya amagwirira ntchito

Mmisiriyo adawonjola tcheni mosamala. Kenaka adaonetsa mphwake timbale tachitsulo ta mano timene tidasanjikizana pakati pa gudumu lakumbuyo.

"Timbale iti ndi masipuloketi. Tawerenga, alipo angati?"

"Alipo 8, atsibweni. Yaing'ono ili kunja, yaikulu ili pafupi ndi masipoko."

"Tsopano werenga mano a yaing'ono, a yaikulu, ndi a mbale yaikulu ya pa mapedulo."

Mnyamatayo adawerenga mosamala. Sipuloketi yaing'ono idali ndi mano 13, yaikulu idali ndi mano 26, ndipo mbale ya pa mapedulo idali ndi mano 52.

Mmisiriyo adafotokoza kuti mapedulo akazungulira kamodzi, mbale ija imakoka tcheni mano 52. Tcheni chikakhala pa sipuloketi ya mano 13, gudumu limazungulira kanayi, chifukwa 13 amalowa kanayi mu 52. Gudumu la njinga yotere likazungulira kamodzi limayenda mamita awiri ndi pang'ono. Motero kupalasa kamodzi kumayendetsa njinga mamita opitirira 8. Imeneyi ndi giya yothamangira, koma ndi yolemera ku miyendo. Tcheni chikakhala pa sipuloketi ya mano 26, gudumu limazungulira kawiri kokha, ndipo njinga imayenda mamita opitirira 4 basi. Imeneyi ndi giya yopepuka, yokwerera chitunda.

Pansi pa masipuloketi padalendewera chipangizo chija, chooneka ngati mkono wopindika, chokhala ndi timagudumu tiwiri ta mano momwe tcheni chimadzera.

"Ichi ndicho chosinthira magiya. Ine ndimachitcha mkono wa magiya," adatero mmisiriyo. "Ntchito yake ndi kukankha tcheni kuchichotsa pa sipuloketi ina kuchiika pa inzake. Mkonowu umamvera zinthu ziwiri. Choyamba ndi waya amene amachokera ku kaliva ka pa handulo. Ukakankha kalivako, waya amakoka mkono kulowetsa cha ku gudumu, ndipo tcheni chimakwera pa sipuloketi yokulirapo. Chachiwiri ndi sipuling'i imene ili m'kati mwa mkonowu. Waya akalekerera, sipuling'i imabweza mkono cha kunja, ndipo tcheni chimatsikira pa sipuloketi yocheperapo. Ziwirizi zimakokana ngati ana pa masewera okokana chingwe."

Adaonjezanso kuti kaliva kakalira kamodzi kuti kete, mkono uyenera kusuntha mtunda wa sipuloketi imodzi yokha. Mtundawo ndi waufupi kwambiri, sukwana mamilimita 5. N'chifukwa chake kulakwitsa pang'ono pokha kumabweretsa phokoso. Tcheni chimakhala chikukhula mano a sipuloketi yoyandikana nayo.

Zoyamba kuona

"Sing'anga wabwino sayamba wapereka mankhwala asanaone wodwala," adapitiriza mmisiriyo. "Nafenso tisanakhudze sikuluwu iliyonse, tiyambe taona zinthu zinayi."

Choyamba adaona ngati gudumu lidakhala bwino pamalo pake, losapendekeka, ndiponso lomangidwa zolimba. Chachiwiri adaima kumbuyo kwa njinga nayang'ana kachitsulo kamene mkono wa magiya umapachikidwapo. Kachitsuloka kamapindika msanga njinga ikagwera mbali ya kumanja. Kakapindika, mkono umaima mopendekeka, ndipo magiya sangakonzeke ngakhale munthu atapotokola masikuluwu tsiku lonse. Pa njinga ya aphunzitsi timagudumu tiwiri tija tidali toongoka, kena pamwamba kena pansi.

Chachitatu adaona waya, ngati adachita dzimbiri kapena kuyamba kuduka timinyewa take. Adaonanso chikuto chakuda chimene waya amadzeramo, ngati chidang'ambika kapena kupindika. Zonse zidali bwino. Chachinayi adayeza tcheni ndi rula. Tcheni chatsopano chikayezedwa mainchi 12, omwe ndi masentimita 30 ndi theka, malekezero onse awiri a muyesowo amagwera pakati penipeni pa timisomali tolumikiza tchenicho. Tcheni chikamatha, chimatalika. Chikapitirira muyesowo ndi milimita imodzi ndi theka, nthawi yosintha yakwana, chifukwa tcheni chakutha chimadya mano a masipuloketi. Cha aphunzitsi chidali chisanathe.

Masikuluwu a malire

Tsopano mmisiriyo adaloza timasikuluwu tiwiri, kena ka chilembo H, kena ka chilembo L.

"Iti ndi timasikuluwu ta malire. Ntchito yake ili ngati ya mpanda. Mpanda suyendetsa ng'ombe, umangoiletsa kulowa m'munda wa eni. Ka H kamaletsa mkono kupitirira sipuloketi yaing'ono, kuti tcheni chisagwere pakati pa sipuloketiyo ndi felemu. Ka L kamaletsa mkono kupitirira sipuloketi yaikulu, kuti tcheni chisagwere m'masipoko. Pa magiya apakati timasikuluwuti tilibe ntchito. N'chifukwa chake phokoso silidasinthe pamene unkapotokola ka L. Iwe unkangogwetsa mpanda."

Mnyamatayo adaweramitsa mutu, koma adatchera khutu.

"Ukumbukirenso izi: kumanga ndi kupotokola monga momwe mivi ya wotchi imayendera. Kumasula ndi kupotokola mobwerera. Ukamanga kasikuluwu ka malire, ukupanikiza mkono. Ukakamasula, ukuupatsa danga."

Adayamba ndi ka H. Adatsitsira tcheni pa sipuloketi yaing'ono, naonetsetsa kuti waya ndi wolekerera. Atayang'ana kuchokera kumbuyo, adapeza kuti kagudumu kapamwamba kadali pansi penipeni pa sipuloketiyo. Pamenepo padalibe chokonza, ndipo sadakakhudze.

Kenaka adafika pa ka L. Adayamba wakamanga kwambiri, kotero kuti tcheni chidalephera kukwera pa sipuloketi yaikulu. Atatero adayamba kukamasula pang'onopang'ono, uku akuzunguza mapedulo ndi kukankha mkono ndi chala. Tcheni chitangokwera ndi kukhazikika popanda phokoso, adaleka. Adakankhanso mkono mwamphamvu kulowetsa cha ku masipoko, koma mkonowo sudapitirire.

"Mpanda wabwerera pamalo pake," adatero. "Ka L timayamba kokhala komangika, n'kumamasula. Kumangitsa kumangokumana giya imodzi, koma kumasulitsa kumakugwetsa."

Kasikuluwu kachitatu kadali kumbuyo, pamene mkono umalumikizana ndi kachitsulo kopachikapo kaja. Anthu amakatcha ka B. Ntchito yake ndi kusintha mpata wa pakati pa kagudumu kapamwamba ndi masipuloketi. Pa njinga zambiri zampikisano mpatawo umakhala wa mamilimita 5 kapena 6 pamene tcheni chili pa sipuloketi yaikulu. Mpata ukachepa, kagudumu kamagunda mano a sipuloketi ndipo kamalira mogunduma. Mpata ukakula, magiya amasintha mwaulesi. Mmisiriyo adayeza napeza kuti mpatawo udali wabwino.

Kukunga waya

"Tsopano tafika pa matenda enieni, ndipo uchiza ndiwe," adatero mmisiriyo. "Koma usamale zala. Gudumu likamazungulira, zisayandikire tcheni kapena masipoko."

Tcheni chili pa sipuloketi yaing'ono, mnyamatayo adazunguza mapedulo, ndipo atsibweni ake adakankha kaliva kamodzi. Kaliva kadalira kuti kete, koma tcheni sichidakwere. Chidangolira kuti tche-tche-tche, chikukhula sipuloketi yachiwiri.

"Chikukuuza chiyani?" adafunsa mmisiriyo.

Mnyamatayo adaganiza kanthawi. "Chikufuna kukwera, koma mkono sukufika. Ndiye kuti waya sakukoka mokwanira."

"Walasa. Waya watsopano akagwira ntchito masiku angapo, iye ndi chikuto chake zimakhazikika m'malo mwake, ndipo amakhwepa pang'ono. Ayenera kukungidwa, monga momwe woimba bangwe amakungira nsambo zake."

Adamuonetsa kanati kamene kadali pamene waya amalowera mu mkono wa magiya. Kanatika ndi kopotokola ndi zala, kosafuna sipanala.

"Kuti waya akungike, umasule kanati aka."

"Ndimasule? Nanga kumasula kungakunge bwanji waya?" adadabwa mnyamatayo.

"Ukakamasula, kamatuluka kunja ndi kukankha chikuto. Motero njira imene waya amadzeramo imatalika, pamene waya mwini wake sadatalike. Pamenepo amakungika. Ukakamanga, njirayo imafupika, ndipo waya amalekerera. Koma upotokole kota yokha, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira kumodzi. Ukatero uyese, umvetsere, ndipo uziwerenga."

Mnyamatayo adamasula kota imodzi nayesa. Tcheni sichidakwere. Adamasula yachiwiri. Tcheni chidakwera, koma mochedwa. Atamasula yachitatu, tcheni chidakwera nthawi yomweyo. Chifukwa cha chimwemwe, phuma lija lidabwereranso, ndipo adaonjeza makota ena atatu nthawi imodzi. Phokoso lidayambanso. Ulendo uno tcheni chinkakhula sipuloketi yachitatu, ndipo atsibweni ake atabweza kaliva, chidachedwa kutsika.

"Nanga tsopano chikukuuza chiyani?"

"Ndakungitsa. Sipuling'i ikulephera kubweza mkono."

"Wapitirira ndi makota angati?"

"Atatu, atsibweni. Ulendo uno ndimawerenga."

Adamanga kanati makota atatu, ndipo phokoso lidatheratu. Kenaka adayesa magiya onse, kuyambira pa sipuloketi yaing'ono kufikira pa yaikulu, ndi kubwereranso. Pa giya iliyonse ankaima ndi kumvetsera. Pa yachisanu padamveka kaphokoso kakang'ono, ndipo adamasula kanati theka la kota. Atatero tcheni chidayamba kukwera ndi kutsika bwinobwino, ndipo chinkangomveka kuti waaa, ngati mphepo m'mitengo ya paini.

"Lamulo lake ndi lalifupi," adatero mmisiriyo. "Tcheni chikachedwa kukwera, masula kanati. Chikachedwa kutsika, manga kanati. Koma chikachedwa uku ndi uku, usavutike ndi kanati. Pamenepo ndiye kuti waya wachita dzimbiri, kapena m'chikuto mwalowa fumbi, kapena kachitsulo kopachikapo kapindika."

Pomaliza adadontheza oyilo pang'ono pa mfundo iliyonse ya tcheni, nazunguza mapedulo kuti oyiloyo alowe m'kati. Kenaka adapukuta wotsala kunja ndi nsanza, chifukwa oyilo wochuluka amakoka fumbi, ndipo fumbilo limapera tcheni ngati mchenga. Atatsitsa njinga pa mtengo, adaikwera nakaiyesa pa kachitunda ka pafupi, popeza njinga imene yakhala chete ili m'malere ikhoza kulira ikanyamula munthu.

Kumene magiya adachokera

Masana aphunzitsi adabwera. Atayesa njinga yawo, adakondwa kwambiri. Mmisiriyo adawauza zonse, za kulakwa kwa mphwake ndi za kuulula kwake, ndiponso kuti mphwakeyo ndiye adakunga waya.

"Wachita bwino kunena zoona, mwanawe," adatero aphunzitsi. "Kodi ukudziwa kuti chipangizo wakonzachi chidatenga anthu zaka zambiri kuti achipange?"

Adakhala pa benchi nayamba kufotokoza. Ku France kumachitika mpikisano waukulu wa njinga wotchedwa Tour de France, umene udayamba m'chaka cha 1903. Masiku ano opikisana amapalasa sabata zitatu, mtunda wa makilomita opitirira 3,000, kudzera m'mapiri ataliatali. Kale opikisanawo sankaloledwa kugwiritsa ntchito chosinthira magiya. Ambiri ankakhala ndi sipuloketi mbali iyi ya gudumu ndi ina mbali inayo. Akafika patsinde pa phiri ankatsika, kumasula gudumu, kulitembenuza ndi kulimanganso.

Komabe m'dziko lomwelo munthu wina wotchedwa Paul de Vivie, amene ankakhala mu mzinda wa Saint-Étienne, adali atayamba kale kupanga njinga zosintha magiya zikuyenda, ndi kulimbikitsa anthu kuzikwera. Afalansa adatcha chipangizochi dzina lakuti dérailleur, kutanthauza chinthu chochotsa pa njanji, popeza chimachotsa tcheni pa njira yake n'kuchiika pa njira ina. M'chaka cha 1937 eni mpikisano uja adalola onse kugwiritsa ntchito chipangizochi, ndipo amene adapambana chaka chimenecho adali Roger Lapébie.

Pambuyo pake amisiri a m'mayiko ena adachikonza kuti chikhale chabwino koposa. Ku Italy, kampani ya Tullio Campagnolo idayamba kugulitsa mkono wa magiya wotchedwa Gran Sport m'chaka cha 1951, ndipo opikisana ambiri adaukonda. Ku Japan, kampani ya SunTour idapanga mkono woyenda mopendekeka m'chaka cha 1964, kuti kagudumu kapamwamba kazitsata masipuloketi pafupi, yaing'ono ndi yaikulu yomwe. M'chaka cha 1984 kampani ina ya ku Japan komweko, ya Shimano, idatulutsa magiya a njinga zampikisano a kaliva kolira kuti kete pa giya iliyonse. Izi zisanafale, wopalasa ankasuntha kaliva pang'onopang'ono mpaka khutu lake litamuuza kuti tcheni chakhazikika. Lero njinga zambiri zampikisano zili ndi masipuloketi 11 kapena 12, ndipo zina zimasintha magiya ndi mphamvu ya batire, popanda waya wokoka. Ngakhale pa njinga zoterozo, malire ayenera kuikidwa bwino.

"Tsono inu, aphunzitsi, pa ulendo wa mawa mukumbukire zitatu," adatero mmisiriyo. "Musasinthe giya njinga itaima. Posintha muzipalasabe, koma muchepetse mphamvu ya miyendo kufikira tcheni chitakhazikika. Ndipo musinthire ku giya yopepuka chitunda chisanakule, osadikira kuti miyendo ilemerwe."

Lolemba madzulo, mnyamata uja ataweruka ku sukulu, adadzera pa mkuyu paja. Posakhalitsa aphunzitsi adatulukira ali pa njinga yawo. Mnyamatayo sadaimve ikubwera mpaka idaima pambali pake.

"Amayi ndidawapeza akupezako bwino," adatero aphunzitsi. "Ndipo mapiri onse a ku Golomoti ndidakwera pa sipuloketi yaikulu ija, tcheni osalira ngakhale kamodzi."

Kuyambira tsiku limenelo mnyamatayo sadakhudzenso sikuluwu asanadziwe ntchito yake. Njinga ikabwera ikulira, ankayamba wamvetsera, kenaka n'kupotokola kota imodzi, n'kumvetseranso. Adazindikira kuti akuluakulu sadaname pamene adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mawu oti muwadziwe

phuma: kuchita zinthu mofulumira, mosayamba waganiza
chidikha: malo athyathyathya, opanda zitunda
kuzonda: kukaona munthu wodwala
kuwonjola: kuchotsa chinthu pamene chakodwa
kukhula: kukhudzana mopereseza
kukhwepa: kusakhala chomangika kapena chokokeka bwino
kukunga: kukoka chingwe, waya kapena chikopa kuti chilimbe
nsambo: timawaya ta pa choimbira monga bangwe

Yankhani mafunso awa

1. Tchulani zinthu zitatu zimene zimasiyanitsa njinga yampikisano ndi njinga zina.
2. Kodi aphunzitsi ankafuna kupita kuti, ndipo chifukwa chiyani?
3. Kodi mnyamata uja adalakwa chiyani atsibweni ake atachoka?
4. Chikadachitika n'chiyani mnyamatayo akadabisa kulakwa kwake?
5. Fotokozani ntchito ya waya ndi ntchito ya sipuling'i pa mkono wa magiya.
6. N'chifukwa chiyani mmisiri adafanizira timasikuluwu ta H ndi L ndi mpanda?
7. Tchulani zinthu zinayi zoyenera kuona munthu asanakhudze masikuluwu.
8. Kodi wokonza njinga achite chiyani tcheni chikamachedwa kukwera? Nanga chikamachedwa kutsika?
9. Kodi opikisana a Tour de France ankasintha bwanji giya chisanafike chaka cha 1937?
10. Mbale ya pa mapedulo ili ndi mano 48 ndipo tcheni chili pa sipuloketi ya mano 16. Kodi gudumu lizungulira kangati mapedulo akazungulira kamodzi?

Ntchito

A. Perekani matanthauzo a miyambi iyi, ndipo mufotokoze mmene ikugwirizanira ndi nkhaniyi.
1. Safunsa adadya phula.
2. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

B. Lembani mawu otsutsana ndi awa.
1. kumanga
2. kukwera
3. chitunda
4. yopepuka
5. kuulula

C. Tsekani mzere kunsi kwa aneni m'ziganizo izi.
1. Mmisiri adapachika njinga pa nthambi.
2. Mnyamata adapukuta tcheni ndi nsanza.
3. Sipuling'i imabweza mkono.
4. Aphunzitsi adakwera mapiri onse.

D. Lembani mayina awa mochulukitsa.
1. gudumu
2. mmisiri
3. chikuto
4. kanati
5. mpanda

E. Pitani kwa mmisiri wa njinga wa kufupi ndi kwanu, mumupemphe mwaulemu kuti akuonetseni njinga ya magiya. Muwerenge masipuloketi ake ndi mano a yaing'ono ndi a yaikulu. Mujambule gudumu lakumbuyo m'makope mwanu, ndipo mulembe mayina a zigawo zake.

F. Lembani chimangirizo cha ndime zitatu pa mutu uwu: Tsiku limene ndidaulula kulakwa kwanga.